Chibayo chikamangobwerera: matenda obisala kuseri kwa chifuwa cha mwana

Kabuku ka kuchipatala ka mwana wa mlongo wanga kanadzaza asanakwanitse zaka zinayi. Masamba ambiri analembedwa mawu amodzimodzi ndi manja osiyanasiyana: chibayo, amoxicillin, abwerenso akapanda kusintha. Mwanayo ankachira ndithu, n'kuyambanso kuthamangitsa nkhuku pabwalo, koma pakangopita miyezi iwiri kapena itatu mayi ake ankamuberekanso kumbuyo, ulendo wa pakabaza kuchokera kumudzi kwathu kufupi ndi Kamwendo. Agogo ake mlandu anali ataugamula kale. Ankati ndi tsempho, alipo anadumpha mwambo m'nyumbamo, ndipo mizere ya mphini pachifuwa pa mwanayo inkachitira umboni kuti nawonso sanangokhala manja lende. Ine malume ake ntchito yanga inali yosaka ndalama ya thiransipoti basi.

Chaka china mu June, kukuzizira koopsa, anamugoneka kuchipatala cha paboma. Dokotala amene anamuona m'mawa mwake sanathamangire kulemba. Anayamba kuwerenga kabukuko kuchokera tsamba loyamba, kenako anatsitsa chikope cha mwanayo n'kuyang'ana m'diso.

"Mayi, mwanayu ali wakhanda zala ndi mapazi zinkatupa, iye n'kumalira usiku wonse?"

"Zinkatupa adokotala. Ife tinkati mwina walumidwa ndi kachilombo."

"Magazi anamuwonjezerapo?"

"Kawiri. Ankati ndi malungo."

"Nanga kwanu kapena kwa bambo ake, alipo ana amene anamwalira ali aang'ono ndi matenda onga awa?"

Mlongo wanga anandiyang'ana. Ife tinabadwa asanu ndi awiri, tinakula asanu.

Atamuyeza magazi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe zinatsimikizika kuti ali ndi sickle cell. Amene ankalemba kuti chibayo sankanama, chifuwacho chinkadwaladi. Koma chinali ndi wochituma, ndipo wochitumayo anali m'magazi kuyambira tsiku lobadwa. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikufunsafunsa za nkhaniyi, ndipo chimene chimandidabwitsa n'chakuti matenda ambiri amene ife timawaona ngati a mtima, a impso, a magazi kapena a chitetezo cha m'thupi, mwa mwana amayamba kudziwika ndi kubanika.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa ukaganizira dambo. Mvula ikagwa m'mapiri a Mchinji, madzi onse amathera kudambo, ndipo chilichonse chimene akokolola m'minda, kaya ndi dothi, feteleza kapena zinyalala, chimakaonekera kumeneko. Mapapo ndiwo dambo la thupi. Chiwindi, impso ndi ubongo zimalandira gawo chabe la magazi amene mtima wapopa, koma m'mapapo mumadutsa magazi onse pa ulendo uliwonse. Mbali yakumanja ya mtima imawakankhira kumeneko kuti akasiye mpweya woipa ndi kutenga okosijeni, mbali yakumanzere n'kuwalandira n'kuwatumiza thupi lonse. Kusinthana mpweyako kumachitikira m'timatumba mamiliyoni ambiri ta khungu lopyapyala zedi, tozunguliridwa ndi timitsempha topapatiza moti maselo ofiira amadutsamo mondondozana limodzilimodzi. Magazi akalakwika, timitsemphato timatsekeka. Mtima ukafooka, madzi amabwerera n'kudzaza timatumbato. Chitetezo chikagwa, tizilombo timene timalowa ndi mpweya timapeza khomo lotsegula. Ndiye poti mwana njira zake za mpweya n'zazing'ono ndipo nthiti zake n'zofewa, iye amafika pothedwa msanga kuposa wamkulu.

Ndiyambe ndi sickle cell poti ndi imene ndimaidziwa pafupi. Selo lofiira labwinobwino limakhala lobulungira ndi lofewa, ndipo limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120. La mwana wa sickle cell likasowa okosijeni limapindika ngati zenga lomwetera udzu, limauma, limamatirira m'mitsempha, ndipo limafa pakati pa masiku 10 ndi 20. N'chifukwa chake magazi amachepa pafupipafupi, maso n'kumachita chikasu. Matendawa sapatsirana ndipo alibe chochita ndi mwambo uliwonse. Mwana amawatenga pokhapokha bambo ndi mayi onse ali ndi mbewu yake, ndipo zikatero pathupi paliponse pamakhala mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nawo. Kafukufuku amene anayeza makanda oposa 10,000 m'chigawo chapakati, wofalitsidwa mu 2021, anapeza kuti pafupifupi 7 mwa 100 alionse ali ndi mbewuyi ngakhale iwo sadwala. Mbewuyi ndi yofala kumadera a malungo chifukwa wokhala nayo imodzi yokha imamuteteza ku malungo aakulu.

M'chifuwa vutoli limabwera njira zingapo. Kapamba, amene amasefa tizilombo m'magazi, amawonongeka mwana adakali wamng'ono, motero mabakiteriya oyambitsa chibayo amamugwira mosavuta. Koma choopsa kwambiri n'chimene madokotala amachitchula kuti acute chest syndrome, chimodzi mwa zinthu zimene zimapha kwambiri odwala sickle cell. Mwana amatentha thupi, amatsokomola, amamva kubaya m'chifuwa, amapuma mothamanga, ndipo akamujambula X-ray mbali ina ya mapapo imaoneka yoyera. Ndi maso simungachisiyanitse ndi chibayo wamba, ndipo nthawi zambiri chibayo chomwecho n'chimene chimayatsa motowo. Kusiyana kwake n'kwakuti pano zinthu zimazungulira: okosijeni akachepa maselo ambiri amapindika, akapindika amatseka timitsempha ta m'mapapo, tikatsekeka okosijeni amachepa kuposa poyamba. Mwana amene m'mawa amadya phala akhoza kufika madzulo ali pa mpweya.

Palinso njira ina imene inandizunguza mutu nditaimva koyamba. Mwana amagonekedwa chifukwa cha ululu wa m'mafupa, chifuwa chili bwinobwino, koma pakatha tsiku limodzi kapena atatu akuyamba kubanika. Achibale timathamangira kunena kuti wakatengera matenda m'wodi. Zimene zimachitika n'zakuti nthiti zikamawawa mwana amaopa kukoka mpweya wambiri, amangopuma pamwambamwamba, ndipo timatumba ta kunsi kwa mapapo timafota. Nthawi zina mafuta a m'kati mwa fupa lomwe lasowa magazi amalowa m'mitsempha n'kukatsakamira m'mapapo. Apa m'pamene mankhwala opha ululu amasanduka mankhwala a chifuwa, chifukwa mwana wosamva kuwawa amapuma mozama. M'pamenenso anamwino amamudzutsa kuti akhale tsonga, ayendeyende, auzire baluni, pamene mayi akufuna kuti agone apumule. Dilipi nayo imayezedwa mosamala, poti madzi akachepa maselo amapindika, akachuluka amakadzaza mapapo. Zikafika povuta chopulumutsa ndi okosijeni, mankhwala opha mabakiteriya ndi kumuwonjezera magazi.

Zoteteza zilipo ndipo si zachilendo: penicillin wa tsiku ndi tsiku kwa ana aang'ono, katemera wa chibayo amene dziko lino linayamba kupereka mu November 2011, neti, madzi akumwa okwanira ndi kufunda nyengo yozizira. Pamwamba pa izi pali hydroxyurea, amene amachititsa thupi kupanga mtundu wa magazi umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, womwe supindika. Kwa zaka zambiri anthu ankakayikira ngati mankhwalawa angagwire bwino ku Africa kuno kumene kuli malungo ndi njala, mpaka kafukufuku wa ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda wofalitsidwa mu 2019 anasonyeza kuti ana owamwa ululu unkachepa, kuwonjezeredwa magazi kunkachepa, ndipo imfa nazo zinatsika. Ku kiliniki ya sickle cell ya ku Kamuzu Central amapereka mankhwalawa. Chopweteka kwa ife a ku Mchinji ndi mtunda, makilomita oposa 100 kuchokera paboma, osawerengera wa kumudzi.

Pali gulu lina la ana amene amabanika mapapo awo ali abwinobwino. Mwana wa malungo aakulu, makamaka magazi akachepa kwambiri, amapuma mozama ndi mwamphamvu ngati wathamanga mtunda wautali. Dokotala akamvetsera m'chifuwa samva kanthu. Chachitika n'chakuti minofu yasowa okosijeni n'kuyamba kutulutsa asidi m'magazi, ndipo thupi likuyesetsa kuchotsa asidiyo potulutsa mpweya woipa wambiri. Kupuma kotereku ndi chimodzi mwa zizindikiro zoopsa kwambiri pa malungo a ana, ndipo amoxicillin alibe nazo ntchito. Mwanayo akufunika jakisoni wa artesunate ndipo kawirikawiri magazi. Mayi angathe kuona yekha: zikhatho ndi m'kati mwa zikope mukayera mbuu, mwana n'kumapuma chonchi, musadikire kuti kuche. Matenda a shuga a ana amachitanso chimodzimodzi. Mwana amene kwa masabata angapo wakhala akumwa madzi osakhuta, kukodza pafupipafupi mpaka pamphasa pomwe anali atasiya, kuonda pamene akudya, tsiku lina amayamba kupuma mozama, kusanza ndi kuwodzera. Kadontho kamodzi ka magazi a pachala kamaulula zonse, koma pamafunika wina aganize zoyeza.

Nkhani ya mtima imayambira kutali moti makolo ambiri sailumikiza. Mwana wa pulayimale amadwala zilonda zapakhosi, amachira yekha, aliyense n'kuiwala. Koma ngati zinayamba ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus, chitetezo cha thupi chikhoza kusokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mafupa komanso tizitseko ta mtima. Izi zikabwerezabwereza kachitseko ka mbali yakumanzere kamawonongeka, magazi ochokera m'mapapo amalephera kudutsa bwino, amabwerera m'mbuyo, ndipo madzi amayamba kuchucha kulowa m'timatumba ta mpweya. Mwana wotere amasiya mpira, amapumira panjira pochokera kumjigo, amatsokomola usiku, ndipo safuna kugona chagada. Mumamupeza atatsamira khoma. Ena amamwa mankhwala a mphumu kapena a chifuwa chachikulu miyezi yambiri zisanadziwike. Atajambula mitima ya ana asukulu 1,450 m'boma la Lilongwe, ofufuza anapeza kuti pafupifupi 3 mwa 100 anali ndi zizindikiro za matendawa iwo osadziwa. Chowawa n'chakuti chiyambi chake chimatha ndi penicillin wotchipa, ndipo ngakhale mtima utakhudzidwa kale, jakisoni wa benzathine penicillin wa mwezi ndi mwezi amaletsa kuti usawonongeke kwambiri. Kwa makanda nkhani imakhala ya mtima wobadwa ndi bowo: khanda limatuluka thukuta poyamwa, limasiya bere kuti lipume, sikelo siikwera, chibayo chili pafupipafupi. Pafupifupi theka la ana a Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima, choncho iwowa ndi oyenera kujambulidwa msanga.

Impso zimafika pa mapeto omwewo podzera njira ina. Zilonda za mphere zikalowa mabakiteriya, patatha masabata angapo mwana akhoza kudzuka nkhope itatupa, mkodzo wochepa ndiponso wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Madzi amene impso zalephera kutulutsa amakadzaza m'mapapo. Kwathu kuno kutupa kotere kuphatikiza chifuwa n'kumene kumatchedwa tsempho msangamsanga, ndipo masiku amatha banja likuzenga mlandu wa amene anathira mchere. Pamenepo mcherewo ndi woopsadi, koma chifukwa choti umasunga madzi m'thupi.

Za HIV zasintha kwambiri kuyambira pamene ma ARV aulere anayamba mu 2004, makamakanso mu 2011 pamene Malawi anakhala dziko loyamba kuika mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilomboka pa mankhwala a moyo wonse. Komabe khanda limene ndondomekoyi yaliphonya lili pa ngozi ya chibayo cha mtundu wina chotchedwa PCP, chimene chimakonda miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi. Khandalo limapuma mothamanga kwambiri, thupi silitentha kwenikweni, m'chifuwa mumamveka bwino, koma okosijeni ali pansi. Amoxicillin sachigwira. Chimamva Bactrim wambiri, ndipo n'chifukwa chake khanda lililonse lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV limayamba kumwa Bactrim pa masabata asanu ndi limodzi, nthawi yomwe limayezedwanso magazi koyamba. Kutsidya kwa chipata cha Mwami, ku Lusaka m'dziko la Zambia, kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anasonyeza kuti kapilitsi kameneka kanachepetsa imfa za ana okhala ndi HIV ndi 43 peresenti. Ndikamva mayi akuti wasiya kumupatsa poti mwana akuoneka wathanzi, mtima umandiwawa.

Ana okulirapo amene anabadwa ndi kachilomboka koma anachedwa kuyamba mankhwala ali ndi vuto lina losatchulidwa kawirikawiri. Amatsokomola chaka chonse, amachita befu akakwera kachitunda, amapinimbira, ndipo nsonga za zala zimafufuma ngati mutu wa ndodo. Ambiri amamwa mankhwala a chifuwa chachikulu kawiri kapena katatu osasintha, chifukwa vuto ndi tinjira ta mpweya tomwe tinachita zipsera kalekale, ndipo ma ARV sabweza zipserazo. Ku Blantyre ndi ku Harare anayesa kupatsa ana ndi achinyamata a zaka 6 mpaka 19 azithromycin kamodzi pa sabata kwa masabata 48. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2020, zinali zakuti mphamvu ya mapapo sinabwerere, koma kudwala mwadzidzidzi kwa chifuwa kunatsika pafupifupi ndi theka. Sindikunena kuti chifuwa chachikulu chisaganiziridwe, ayi, mwa mwana wa HIV chimakhala patsogolo nthawi zonse. Koma mankhwala ake akatha mwana ali chimodzimodzi, funso lina liyenera kufunsidwa.

Ena ndingowatchula mwachidule. Mwana wonyentchera amadwala chibayo mwakachetechete, chifukwa alibe mphamvu zotenthera thupi kapena zotsokomolera. Mwana wolumala ubongo, kaya pobadwa kapena atadwala malungo a mu ubongo, amatsamwa pomeza ndipo phala limalowera m'mapapo. Kumudyetsa atakhala tsonga, pang'onopang'ono, phala lolimbirako, kumachepetsa maulendo a kuchipatala. Khansa ya impso ya ana imakonda kufalikira m'mapapo, ndipo khansa ya mwanabele ikhoza kutupa m'kati mwa chifuwa n'kupana njira ya mpweya. Aliponso matenda ngati lupus, amene chitetezo chimaukira thupi lake lomwe, koma awa ndi osowa.

Nanga bwanji zimatenga zaka kuti zidziwike? Ine sindiloza chala azaumoyo a m'zipatala zing'onozing'ono. Ndondomeko imene amatsata inapangidwa kuti igwire chibayo wamba mwachangu, ndipo yapulumutsa ana osawerengeka. Amawerenga kapumidwe kwa miniti imodzi: ka 60 kapena kuposa kwa khanda losakwana miyezi iwiri, ka 50 kwa wosakwana chaka, ka 40 kwa wa chaka chimodzi mpaka zisanu, n'kuonanso ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati. Munthu mmodzi amene ali ndi mzere wofika kunja sangawerenge kabuku kalikonse kuchokera tsamba loyamba. Ndipo maso okha amanama. Pakati pa 2012 ndi 2014, m'maboma a Mchinji ndi Lilongwe, azaumoyo ndi alangizi a m'midzi anapatsidwa kachipangizo kopana pachala koyezera okosijeni, n'kuyeza ana oposa 14,000 a chibayo. Zinapezeka kuti mwa ana amene okosijeni wawo anali pansi pa 90 peresenti, oposa theka sakanatumizidwa kuchipatala chachikulu akanangotsata zizindikiro zooneka za m'malangizo a 2014 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO. Umboni umenewu unachokera m'midzi yathu yomwe ino.

Ngakhale makina apamwamba sathetsa zonse. Makina a CPAP, amene amakankha mpweya kuti timatumba tisafote, athandiza kwambiri makanda obadwa masiku osakwana. Koma atawayesa ku Salima pa ana 644 a chibayo chachikulu amene analinso onyentchera, okhudzidwa ndi HIV kapena otsika kwambiri okosijeni, m'wodi mopanda dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku, anamwalira 17 mwa 100 pa makinawo poyerekeza ndi 11 mwa 100 pa okosijeni wamba wa timachubu ta m'mphuno, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe. Mmene ndikuonera ine, mwana amene matenda ake ali thupi lonse amafuna munthu womuyang'anitsitsa kuposa chipangizo. Koma musamve molakwa. Mphekesera ija yoti mpweya umamaliza ana ndi yabodza, ndipo ndinaionapo ikugwira ntchito: mayi wina pabedi loyandikana nafe ankachotsa timachubu namwino akangotembenuka. Ana amafera pa mpweya chifukwa amauyamba atafika kale pothedwa.

Chida chimene kholo lili nacho m'manja ndi kabuku kaja. Ambiri kakadzaza kapena kakanyowa timagula katsopano n'kusiya kakale kudenga, ena amachita kusintha dala kuti asakalipiridwe kuti anachedwa kubwera, mwinanso kubisa tsamba lolembedwa za HIV. Potero dokotala aliyense amaona chibayo choyamba, pamene ndi chachisanu. Kakale kasokereni pamodzi ndi katsopano. Ndipo mwana akagonekedwa ndi chifuwa kawiri m'chaka chimodzi, kapena wamaliza mankhwala osasintha, nenani zonse ngakhale simunafunsidwe: magazi amene anawonjezeredwa, zala zimene zinkatupa, thukuta la poyamwa, mkodzo umene unasintha, sikelo imene yaima, abale amene anamwalira ali aang'ono. Funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, chimene chikuchititsa kuti chizibwererabwerera n'chiyani?" Safunsa anadya phula.

Mwana wa mlongo wanga tsopano ali Sitandade 3. Amamwa hydroxyurea tsiku lililonse, ndipo tsiku la kiliniki limakhala lozunguliridwa pakalendala ya kutchalitchi imene ili pakhoma. Tikakolola mtedza thumba limodzi timaliika padera kuti likhale la ulendo wa ku Lilongwe. Kuchokera pamene anayamba mankhwalawa wagonekedwapo kamodzi. Agogo ake za tsempho sanazisiye kwenikweni, koma June akafika ndi iwo amene amaima pakhomo m'mawa, juzi m'dzanja limodzi, botolo la madzi m'dzanja linalo, ndipo mwanayo sadutsa asanavale.